Ndinafufutitsa Mphini za Amayi Anga

Inu owerenga, ine amayi anga ndinawataya ndi chala changa chomwechi, chala chimene ndinaloza nacho pakompyuta ya wojambula zithunzi ku Limbe. Sindinawamanepo chakudya, sindinawakalipirepo, ndipo aliyense kwathu ku Machinjiri angakuuzeni kuti ndinkawasamala. Koma zimene ndinachita tsiku lija zikundidya mumtima mpaka lero, n'chifukwa chake ndati ndikuuzeni, makamaka inu okonda kukongoletsa zithunzi.

Amayi anali Asena a ku Nsanje. Anakula nthawi imene atsikana ankatemedwa mphini kumaso kuti akongole, choncho anali ndi mizere yakuda m'masaya monse ndi ina pamphumi. Mano akutsogolo anaguluka kalekale, ndipo khungu lawo linali lakuda bii, lopsa ndi dzuwa la kuchigwa. Bambo atamwalira ndinawatenga kuti tizikhala limodzi m'tauni. Anthu oyandikana nafe ankangowatchula kuti agogo a mphini, iwo n'kumayankha mosangalala. Amene zinkamuchititsa manyazi ndinali ine, ngakhale kuti pakamwa sindinkanena.

Ndinakwatiwa kubanja la ku Chilomoni, anthu odzimva, oti agogo awo anabadwira m'tauni ndipo safuna kuti uiwale zimenezo. Tsiku la chinkhoswe, mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, anandikokera pambali azimayi ena akumva n'kundifunsa kuti, "Koma alamu, amayi anuwa anagwera pawaya waminga?" Onse anafa nacho chiseko. Ine, mwana wobadwa m'mimba mwa mayi ankanenedwayo, ndinaseka nawo. Chiseko chimenecho ndimachimvabe m'makutu.

Amayi sankafuna kujambulidwa. Ukawalozetsa kamera ankabisa nkhope m'chitenje. Pa ukwati wanga pokha ndi pamene analola, kamodzi kokha, atavala duku lawo labwino ndi kolona m'khosi. Inali nthawi imene ojambula anali atangosiya mafilimu n'kuyamba kukonzera zithunzi pakompyuta, ndipo Blantyre yense anali atapenga nazo. Nditapita kukasankha zithunzi, bambo wojambulayo anandikhazika pampando n'kuyamba kudzitama. "Madamu, masiku ano kulibe munthu wonyansa. Ziphuphu tikuchotsa, makwinya tikusita, wakuda tikumusambitsa." Nkhope ya amayi itatulukira, mawu a mlamu wanga aja anandibwerera. Ndinaloza masaya awo n'kunena kuti, "Izi chotsani."

Ndinaonerera mphini zikuzimiririka imodzi ndi imodzi. Kenako anawaika mano, anawayeretsa khungu, anawafufumitsa masaya. Pomaliza panali mayi wina wooneka ngati mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, ndipo ine mtima unangoti myaa. Ndinachikulitsa chithunzicho, ndinachiika m'felemu, n'kukachipachika pabalaza poti alamu akabwera azichiona. Amayi anaima pansi pake nthawi yaitali akuchiyang'ana. Kenako anandifunsa kuti, "Mwananga, mayi ameneyu wavala duku langa ndi kolona wanga. Ndi ndani?" Tinaseka poganiza kuti ndi nthabwala za nkhalamba. Kuyambira tsiku limenelo sindinawaonenso akukweza maso kukhoma limenelo.

Patapita zaka, amayi anayamba matenda oiwala. Chichewa chinawathawa, anabwerera ku Chisena chokhachokha, ndipo ine ankandiitana dzina la mng'ono wawo amene anamwalira ndisanabadwe. Kawirikawiri ankamanga kamtolo ka zovala n'kumati akupita kwawo. M'mawa wina m'nyengo ya chiperoni ndinapita kuchigayo, iwo ndinawasiya akuwotha moto pambaula. Pobwera ndinapeza chitseko chili pululu, mbaula ikadali yotentha, amayi kulibe.

Tinayenda Machinjiri yense, m'minda ndi m'makwalala, osawapeza. Kupolisi anatifunsa chithunzi, ndipo chimene tinali nacho chinali chimodzi chomwe chija. Tinachichulukitsa n'kumata m'masiteji a minibasi, m'misika ndi m'mapolo a magetsi ku Ndirande, ku Bangwe, mpaka ku Zingwangwa. Pa WhatsApp chinazungulira m'magulu onse amene tinkawadziwa. Pansi pake tinalemba dzina lawo ndi nambala ya foni basi. Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinalembepo za mphini. Inenso ndimadzifunsa. Chithunzicho chinakhala pakhoma zaka zonsezo mpaka maso anga anachizolowera, moti kwa ine chinasanduka amayi enieni. Bodza langa lomwe linandipusitsa mwini wakene.

Mafoni ankabwera ndithu. Wina waona gogo woyera ku Chirimba, wina waona mayi wonenepa ku Naperi. Tinkathamanga, n'kukapeza amayi a eni ake. Anthu ankafunafuna ndi mtima wonse munthu amene sanabadwepo.

Milungu itapita, amayi ena a m'limana lathu la kutchalitchi anamva kwa anzawo a ku Ndirande kuti kumeneko mayi wina wogulitsa masamba, amake Tadala, ankasunga gogo wosadziwika woimba nyimbo za Maria m'Chisena. Ndinakwera minibasi nthawi yomweyo. Ndinawapeza amake Tadala ali pabenchi lawo m'mbali mwa msewu, ndipo nditadzitchula anangogwira pakamwa. Anandifotokozera kuti anawapeza amayi m'ngalande, atazunguliridwa ndi chigulu cha anthu okuwa kuti mfiti yagwa pandege, chifukwa cha mphini zija ndi chilankhulo chimene sankachimva. Ena anali atatola kale miyala. Amake Tadalawo ataona kolona m'khosi mwa amayi anadutsa pakati pa anthuwo, anawadzutsa, n'kukawasunga m'kanyumba kawo ka chipinda chimodzi.

Kenako anandilozera polo la magetsi limene linali pafupi ndi benchilo. Pepala lathu linali pomwepo, litasuluka ndi mvula. "Asisi, ine chithunzi chanuchi ndinachiona. Ndinawagwira dzanja agogo aja, ndinawaimika apa, n'kumayang'ana nkhope, kuyang'ana pepala, kuyang'ana nkhope. Ndinawatchula dzina lili apali, sanayankhe. Ndiye ndinati ayi, awa ndi amayi a mabwana, anga ano ndi a mphini. Foni ndikanaimba bwanji?"

Ndinafunsa kumene amayi anali. Amake Tadala anayang'ana pansi. Kuzizira kumene amayi anagona nako panja asanatoledwe kunawapatsa chibayo, ndipo atafooka anawatengera kuchipatala. Anamwalirira komweko, palibe wodziwa dzina lawo, mwana wawo ali mumzinda womwewo akumata mapepala. Kunyumba yachisoni atavundukula nsalu, nkhope inali itasintha, koma sindinakayike ngakhale pang'ono. Ndinawazindikira ndi mphini zomwe ndinafufutitsa zija.

Maliro tinakaika ku Nsanje. Amuna anga anatenga chithunzi chija kuti chikhale pabokosi monga amachitira a m'tauni. Achemwali awo a amayi, gogo wa mphini ngati iwo, anachinyamula, anachiyang'anitsitsa, n'kuchivundikira pansi. Mlamu wanga uja ndiye analira mokweza kuposa tonse, mpaka kumugwirira. Ndinamuyang'ana mtima ukuwira, koma ndikanamunena chiyani? Iye anangolankhula, woloza ndinali ine.

Nditabwerera ku Blantyre ndinapita kwa wojambula uja kukapempha chithunzi choyambirira, chosakhudzidwa. Anaseka n'kunena kuti kompyuta imeneyo inafa kalekale ndi zonse zinali m'menemo. Nditayamba kumukalipira anandidula. "Koma madamu, munaloza nokhatu." Ndinatuluka ngati galu wothiridwa madzi, chifukwa sananame.

Amuna anga amayesa kunditonthoza. Amati chithunzi chilichonse n'chokonza, poti munthu pokajambulitsa amasamba, amabwereka jekete, amamwetulira ngakhale ali ndi njala. Ine ndimawayankha kuti jekete yobwereka imavalidwa ndi mwini nkhope, ndipo ukamufuna umamupeza. Kuwalitsa chithunzi chimene chada, kapena kuchotsa chidebe chimene chaonekera kumbuyo, sindikuti ndi tchimo. Koma ukachotsa chipsera, chibadwa, mpata wa mano, chinthu chimene anthu amamudziwira munthu, chimene chatsalacho si chithunzi chake ayi. Ndi chithunzi cha manyazi ako iwe wochotsawe, ndipo changa chinapachikidwa pabalaza amayi akuchiona tsiku ndi tsiku.

Masiku ano simufunikanso kupita ku Limbe, foni yanu yomweyo ikukuyeretsani musanapemphe. Ndimaona atsikana akutumiza zithunzi zoti mayi wowabala sangawadziwe, ndipo ndimamva kuwawa. Inu owerenga, kongoletsani ngati mwafuna, koma sungani chimodzi choona, cha inu ndi cha makolo anu, chokhala ndi makwinya ndi zipsera zonse. Ndipo wina akaseka nkhope ya mayi anu, musaseke nawo.

Mwana wanga wamkazi anabadwa agogo ake atapita kale. Tsiku lina anandifunsa kuti ankaoneka bwanji, ndipo ndinachita manyazi kumulozera mlendo wa pakhoma uja. Ndinatsitsa felemu, ndinatulutsa chithunzi, ndinatenga cholembera chakuda kuti ndiwabwezere amayi mphini zawo. Dzanja linaima m'malere. Nkhope imene inandiyamwitsa, imene ndinaisambitsa ndi manja angawa, sindikukumbukanso kuti mizere yake inkayambira pati n'kuthera pati.