Masiku atatu omwe mlamu wanga anafafaniza

Chaka chomwe malaiti ankapita m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka, pa kashopu ka makompyuta ku Matero tinatsala awiri: ine ndi mlamu wanga, mlongo wa mkazi wanga. Iye anali ndi digiri, ine Giredi 12 basi. Amayi eni shopu anali atanena kale kuti ntchito yachepa, mwezi ukatha mmodzi achoka.

Tinkalemba pulogalamu yotulutsa malipoti a ana pa kasukulu kena ku Chawama. Laputopu ya batire yamoyo inali imodzi, ndiye tinkasinthana. Ntchito tinkaisunga mu pulogalamu yotchedwa Git, aliyense pa nthambi yake, yomwe amati branch; kusungako amati commit. Git ili ndi ulemu: ukafuna kulumphira pa nthambi ina uli ndi zosintha zosasunga zomwe zingafafanizike, imakana. Koma ukawonjezera -f, kutanthauza force, kuikakamiza, imamvera, n'kutaya zonse osafunsanso.

Ine ndinali ndi ntchito ya masiku atatu yosasunga. Kulakwa kwanga, ndikuvomera; ndinkafuna ndimalize kaye. Ndinatuluka kukagula vitumbuwa. Pobwera, ntchito yanga yonse mbee.

"Iwe, wachita chani apa?"

"Yenze ikana kuchinja branch, so nafaka force. Simunachite commit? Ah, ba mudala, vinthu va basic ivi."

Kwa amayi aja anakanena kuti masiku atatuwo ndinkangocheza ndi ogulitsa tomato. Ndinafuna kumuswa mutu ndi kiyibodi. Ndinakumbukira kuti kunyumba wondiphikira ndi mlongo wake, ndinameza malovu.

Ndinadikira milungu iwiri. Tsiku lokaonetsa pulogalamu kwa ahedi a kasukulu kaja, iye anasiya laputopu yotsegula n'kupita kukapukutitsa nsapato. Ndinasuzumira. Ntchito yake ya sabata yonse, yosasunga. Mphunzitsi wa basic uja! Chala changa chinaima pa f. Koma ntchitoyo ikanafa, shopu ikanafera pomwepo, ndipo ine ndinkafuna iye yekha. Ndinalemba git stash, lamulo lomwe limachotsa zosintha pamaso n'kuzibisa pambali, kenako ndinalumphira pa nthambi yanga.

Anabwera nsapato zikuwala. Anabwerera pa nthambi yake, anatsegula fayilo iyi, anatsegula iyo. Thukuta linayamba kudontha pa tayi. Amayi aja anali ataima pakhomo ndi chikwama, minibasi zikuwadutsa.

"Ba mlamu, mwagwirako apa?"

"Nachinja chabe branch. Sunachite commit? Vinthu va basic ivi."

Anakhala pa kreti ya zakumwa, manja kumutu. Ndinamusiya choncho mpaka ndinamaliza chitumbuwa changa, pang'onopang'ono.

"Ningaibweze," ndinatero. "Koma uuze bamayo vamene vinachitika ku nchito yanga ija."

Anang'ung'udza.

"Kweza mawu, jenereta ya ba neba isokosa."

"Nenze nafaka force. Ndine ninafafaniza. Sibenze kucheza."

Amayi aja anangomuyang'ana kuyambira pa tayi mpaka pa nsapato. Ndinalemba git stash pop, zonse zinabwerera m'malo mwake, tinakwera minibasi ya ku Chawama tonse atatu.

Mwezi utatha, wochoka anali iye. Mkazi wanga anandiphikira kabichi wopanda mchere sabata yathunthu, ndipo ndinadya osadandaula. Mpaka lero tikakumana pa maliro kapena pa ukwati, ndimamugwira chanza mwaulemu pamaso pa abale, n'kumunong'oneza kukhutu: "Wachita commit?"