Kompyuta ya Kutsidya kwa Mtsinje

Anthu amamutcha Wamawaya. Amagwira ntchito m'kachipinda ka pamwamba pa telala, makina osokera akulira pansi pake tsiku lonse. Amasamalira kompyuta ya kachipatala ka kutsidya kwa mtsinje, yosunga mayina a odwala ndi masiku awo olandirira mankhwala. Imakonda kuima, ndipo woidzutsa ndi iye yekha. Chilimwe amapitako pa njinga. Dzinja mlatho umamira, choncho amalowamo kudzera pa intaneti.

Chaka chino mvula inayamba msanga. Masana ena anaona kuti anthu osadziwika akuyesayesa mapasiwedi kuti alowe. Anatseka njira ya pasiwedi, kuti azilowa ndi kiyi yachinsinsi ya mu laputopu yake basi, mzere wautali wa zilembo. Koma anatseka asanaiyese kiyiyo.

Atatsegula zenera latsopano pa laputopupo kuti alowenso, kompyuta inamukana. Linatsala zenera limodzi, lomwe analowera poyamba. Likanangoduka, sakanalowanso mpaka mtsinje utaphwa.

Anaimbira namwino wa kumeneko, mng'ono wa mkazi wake. Chiwotchereni mphezi firiji ya chipatalacho, namwinoyu bingu likangogunda amazula chilichonse.

"Alamu, musazule kompyuta."

"Kuno kwada bii. Dzanja lili kale pa soketi."

"Chonde, mphindi zisanu zokha."

"Mwawononga chiyani, anzeru inu? Paja akulu anga amati mumakhoma nyumba makiyi ali m'kati."

"Alamu, zocheza mawa."

Anawerenga zomwe analemba mu kompyutamo mzere ndi mzere, kenaka anaona vuto: poikopera mu kompyutayo, kiyi inaduka n'kukhala mizere iwiri, pomwe kompyuta imaifuna pa mzere umodzi. Bingu linamveka pa foni.

"Mwalimva limenelo? Ikapsa, odwala onse muziwatchula pamtima ndinu."

Analumikiza mizereyo, n'kusunga, n'kuyesanso. Zenera linakhala duu. Pansi telala anaimitsa makina. Kenaka kompyuta inamulandira. Anatuluka n'kulowanso kachiwiri, posakhulupirira.

"Zulani, alamu."

Mazenera onse anafa. Tsopano mtima unali pena: kodi ikayakanso idzamuzindikira? Anaima pakhomo kuyang'ana mitambo ikuwoloka kubwera tsidya lino, tiyi akuzizira pa tebulo.

Dzuwa litapendeka, foni inalira.

"Yakata. Ndayatsa. Lowani tione ngati ndinu amuna."

Analemba pang'onopang'ono, ndi chala chimodzi. Mayina a odwala a mawa anatuluka, onse makumi anayi ndi atatu.