Njerwa ya Zala Zitatu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene tinamva kuti a bishopu akubwera pa sitima kudzayendera tchalitchi chathu cha pa mishoni ku Nkhotakota. Dziko linali likadali m'manja mwa Angerezi, ndipo m'dera lonselo munalibe nyumba ina yofanana nacho. Makoma ake anali ochindikala kotero kuti mwana ankatha kukhala pazenera miyendo osalendewera. Pamwamba pa khomo njerwa zinkapindika ngati uta, popanda mtengo uliwonse wozichirikiza. M'kati munkazizira ngakhale mu Okutobala, ndipo fungo la lubani linkasakanikirana ndi la mileme.

Aphunzitsi anatigawira ntchito ife ana asukulu. Ena anapita kunyanja kukatola zigoba za nkhono zoti ziwotchedwe kukhala laimu wopaka makoma. Ine anandipatsa chigawo cha khoma la kumpoto, chakunja, kuti ndichotse ndere. Ndinaona kuti njerwa zambiri za m'munsi zinali ndi timaenje, ndipo ndinaganiza kuti oumba analakwitsa. Pofuna kuyamikiridwa, ndinatola mwala wokhakhala n'kuyamba kuzikhula kuti zisalale.

Ndili pa njerwa yachinayi, munthu anandigwira dzanja. Anali a Selemani, msodzi wokalamba wachisilamu. Iwo sankalowa m'tchalitchi, koma tinkawaona akupatuka panjira ya kudooko n'kudzaima pang'ono pakhomalo. Sanakalipe. Anagwada, nayang'anitsitsa njerwa ija, nandifunsa motsitsa mawu:

"Mwanawe, wakutuma ndani kuti ufufute mayi anga?"

Aphunzitsi anafika ndodo ili m'manja, ndipo a Selemani anatifotokozera tonse awiri. Anati ambiri mwa amene anaumba njerwazo anali anthu omasulidwa ku ukapolo. Ponyamula njerwa yaiwisi kukayanika, zala zinkadinda m'dothi, ndipo moto wa uvuni unkazikhazikitsa. Mayi a Selemaniwo anagwidwa kumapiri a kumadzulo, ndipo chingwe cha ogula anthu chinawadula chala chimodzi. N'chifukwa chake njerwa zawo zinali ndi timaenje titatu, pamene za ena zinali ndi tinayi. Mayiwo anamira m'nyanja bwato litagubuduzika ndi mphepo ya mwera, choncho analibe manda. Pa njerwa zonse zimene anaumba, imodzi yokhayo ndiyo inatembenukira kunja. Ine ndinali nditafafaniza kale timaenje tiwiri.

Aphunzitsi atakweza ndodo, a Selemani anawaletsa.

"Aphunzitsi, ndodo siibweza chala. Ndibwerekeni mwanayu mpaka belu la masana lilire."

Anandizungulitsa tchalitchi chonse, n'kundiuza kuti ndiziika zala zanga m'timaenje tili tonse timene ndingafikire. Tina tinali takuya, ta amuna amphamvu. Tina tinali totsetsereka, ta munthu amene dzanja linamuterereka ndi kutopa. Pafupi ndi ngodya ya kum'mawa ndinapeza tating'ono kwambiri, moti ngakhale chala changa chakaniso chinakana kulowa. Amene anaumba njerwa imeneyo anali kamwana kochepa kuposa ine. Ndinamva ngati khamu la anthu likundipatsa moni kuchokera m'khoma.

Patapita zaka, ndili ku yunivesite, ndinawerenga mabuku ofotokoza kamangidwe ka matchalitchi a m'mbali mwa nyanja. Amatchula ansembe amene anajambula mapulani, ndipo amayeza bwino kutalika kwa makoma. Samanama, koma za oumba amazilemba m'mzere umodzi.

A Selemani sanasiye kubwera mpaka imfa yawo. Chala chimodzi ankachiika m'kadzenje kotsalako, ndipo ziwirizo ankangozisanjika pamene ndinasalaza ine. Lero ndikumvetsa kuti sindinawononge malo amenewo chifukwa cha mwano kapena ulesi. Ndinawononga chifukwa cha khama, pokonza chinthu ndisanafunse kuti nchiyani. Mpaka pano, ndikaona chimene chikuoneka ngati chilema pa chinthu chakale, ndimayamba ndafunsa kuti mwini wake ndani.