Mayi Wosinja Kuseri kwa Chigafa

Bayisikopo inkabwera ku komboni yathu kamodzi pa mwezi, Loweruka, m'galimoto yobiriwira yokhala ndi chimkuzamawu padenga. Tinkaimva ikadali kuseri kwa chimulu cha mchenga wa mgodi, amayi n'kuphula ndiwo zisanapse bwino. Nsalu yoyera ankaimanga pa mapolo a bwalo la mpira. Kukachita kamphepo nsaluyo inkafufuma, nkhope za anthu a m'kanema n'kumatalika, kufupika, ngati ukuziona m'madzi. Ine ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, wobadwira pa Bindura pomwepo, m'dziko la Ashona. Ku Nyasalande, kwawo kwa bambo, ndinkangokumva m'kamwa mwa akulu.

Ambiri ankadzera makauboi. Ine mfuti zawo zinkanditopetsa, koma ndinkakonda fumbi la akavalo, limene linkatsala likuyandama anthu atapita kale, ndi zigwa zazikuluzo zopanda nyumba ngakhale imodzi. Ndinkadziona ndikuyenda mmenemo ndekha. Amayi ankakonda zanthabwala, za kamunthu kogwa pa makwerero ndi chitini cha penti, ndipo ankaseka mpaka kutsokomola. Bambo, amene ankagwira ntchito pansi mu mgodi, ankaonera ngati kapitawo.

"Kavalo ameneyu wathamanga kuyambira mmawa, wam'mwetsa madzi ndani?" ankatero. "Ndiye taonani, amenyana chonchi, chipewa osagwa. Bodza."

Makauboi asanayambe ankaonetsa kanema wa boma wophunzitsa: kukumba chimbudzi, kulima mizere yopingasa. Pamenepo anthu ankacheza, kugula mtedza, kuitanizana.

Tsiku lina wophunzitsayo anali wa fodya. Munthu wofotokoza m'Chishona anati zithunzizi zinajambulidwa ku Nyasalande. Bwalo lonse linati zii. Panaoneka phiri lamiyala, kenako mlimi akupachika fodya m'chigafa. Kuseri kwa chigafacho, patali ndithu, mayi wina ankasinja. Anakweza munsi kawiri, anaima, napukuta nkhope ndi mkono. Basi, chithunzi chinasintha.

Bambo anali ataimirira. Akumbuyo anakuwa kuti akhale pansi, iwo osamva.

"Mlongo wanga uja," anatero. "Ndi amene amasinja ndi dzanja lamanzere pamwamba."

Bambo anachoka kwawo wapansi asanakwatire, ndipo makalata anali atasiya kale kuyenda. Tsiku limenelo makauboi sanawadzudzule n'komwe. Sabata yonse, tikamadya, nthawi zina ankafunsa amayi ngati anaona mtengo wa mango pafupi ndi mtondo uja. Amayi sanauone. Inenso ayi.

Bambo anamva kuti Loweruka lotsatira galimotoyo ikakhala pa pulazi ina ya fodya cha ku Matepatepa. Anabwereka njinga, nati ndipite nawo chifukwa maso anga ndi akuthwa. Ndinakhala pa kaliyala, nditagwira malaya awo. Ulendowo ndimaukumbukira ngati maloto: msewu wofiira, minda yosaoneka polekezera, nyumba zazitali za njerwa zowotchera fodya zikufuka utsi wopyapyala, thirakitala patali ikuyenda ngati siikuyenda. Bambo ankaimba chapansipansi nyimbo ya kwaya imene sindinaimvepo kutchalitchi kwathu.

Tinafika dzuwa likadali pamutu. Woonetsa kanema, Mshona wonenepa wa magalasi, tinam'peza akudya chimanga chootcha pamthunzi wa galimoto. Bambo anavula chipewa nafotokoza, akusakaniza Chishona ndi Chichewa. Anapempha kuti akafika pa mayi wosinjayo aimitse makina pang'ono.

"Sekuru, ndikaimitsa filimu imapsa," anayankha munthuyo, akuwatchula mwaulemu wa Chishona. "Komanso ya fodyayo lero sindionetsa. Mwini pulazi akuti anthu ake fodya amamudziwa kale."

Bambo anangoyang'ana chipewa chawo. Munthuyo anatiyang'ana, nayang'ana fumbi la kumiyendo kwathu, napukuta manja. Analowa m'galimoto natulutsa chitini chozungulira, chophwatalala. Anasolola filimu pang'onopang'ono, akuiyang'ana kudzuwa, mpaka anati, "Apa. Mugwire m'mbali mokha."

Sindinkadziwa kuti kanema ndi tizithunzi tating'ono totsatizana, tonse tosayenda. Chigafa chinali ngati chikhadabo changa. Mayiyo anali ngati kambewu ka chitowe. M'kachithunzi kamodzi munsi unali m'mwamba, m'kotsatira unatsikako pang'ono, ndipo dzuwa la ku Matepatepa linkadutsa m'thupi mwake n'kugwera pankhope ya bambo.

"Ukuona chiyani, mwanawe?"

"Ndikuona munthu, bambo."

"Dzanja lili pamwamba ndi liti?"

Ndinayang'ana mpaka misozi. Woonetsa kanema anati zimatengera mbali imene wagwira filimuyo. Ukaitembenuza, manzere amasanduka manja. Anaitembenuza, ndipo zinalidi choncho. Bambo anaseka, kuseka kwa munthu wotopa, naigwirabe nthawi yaitali, uku ndi uku.

Sitinadikire makauboi. Tinabwerera kukadawala, ndipo mmawa mwake titaweruka kutchalitchi anandikhazika pakhonde ndi pensulo. Iwo ankanena, ine ndinkalemba kalata yopita kwa mlongo wawo. Kalatayo inapita kudzera ku mishoni ya kwawo.

Yankho linafika mvula itayamba. Azakhali analembetsa kuti kumudzi sikunabwerepo mzungu wa makina ojambulira, ndipo fodya iwo salima. Anati ali moyo, ali ndi ana asanu, amayi awo anamwalira chaka cha dzombe chitangodutsa, ndipo ankayesa kuti mchimwene wawo anakwiririka mu mgodi. Pomaliza anafunsa kuti wolemba bwino chonchiyu ndani.

Bambo anandiuza ndiwerenge kachiwiri. Kenako anatenga kalatayo napita nayo kwa anzawo a kumzere wachitatu wa nyumba za m'komboni, amene ankachokera dera lomwelo. Ndinawaona akudutsa pampopi, atainyamula m'manja awiri, mvula ikuwaza pang'ono, iwo osafulumira.