Disiki ya ukwati wa ba malume

Inali disiki ya golide kunsi kwake, pamwamba analembapo na maka yakuda kuti UKWATI. Amai anali kuikulunga m'duku, nkuiika m'chikwama chao cha ku chechi.

Atate anamwalila mvula itangotha, ine nikali pa sukulu. Tinalibe chithunzi chao chabwino, chabe kaja ka pa chitupa, kamene sikanali kuoneka monga iwo. Manje ba malume a ku Woodlands, alongo ao a amai, anakumbuka kuti pa ukwati wao kunali munthu wa kamela. Anabweleka tepi, nkuikopela pa disiki na kompyuta ya ku nchito. "Mulamu alimo," anatelo. "Avina na jekete yao ya bulauni. Naona neka pa kompyuta."

Kwathu ku Kabwata tinali na kamashini kochipa ka madisiki kamene atate anagula ku Kamwala. Mafilimu a kalate kanali kuonetsa bwino. Koma disiki iyi, tikaiika, kanali kungolila kuti tchii, tchii, nkulemba pa tivi kuti mulibe disiki. Mulibe bwanji, pamene taiika na manja athu?

Amai a nyumba yoyandikana anati, "Yada chabe iyi, ipukuteni." Apa ndiye panalakwika zinthu. Amai anga anali kugwila nchito m'nyumba ya anthu ku Kabulonga, moyo wao wonse unali wa kutsuka. Kwa iwo chinthu chikakana, ndiye kuti sunachikweche mokwanila. Anayamba na kansalu. Ina sabata, mankhwala otsukila mano. Pothela pake anafika pa paudala ija ya mapoto. Nikumbuka fungo lake, na kaphokoso ka chala chao chizungulila pa disiki m'mawa kukali kuzizila.

Siniwaimba mlandu, iyai. Ine sukulu sininapite nayo patali, koma anyamata okonza mafoni m'tauni ananimasulila nitakula. Ati disiki inalibe vuto. Kompyuta inalemba m'chilankhulo chake, mashini yathu inali kumva china, monga Mlozi na Mtumbuka akumana pa siteshoni. Nanga ndani akanatiuza zimenezo nthawi ija?

Nyengo yonse yozizila tinayenda nayo. Pa Sondo tikachoka ku chechi, amai ati, "Tiye, nipelekeze." Ku Libala, kwa aphunzitsi anga, mashini inaimeza nkuilavula. Ku Chelstone, kwa amai ena a kwaya, kunamveka mau chabe, tivi ili bii. Ng'oma, nthungululu, mbale kugundana. Amai anga anagunditsa khutu ku sipika mpaka nyimbo zonse kutha, koma mau a atate sanamveke. Ine ninali na manyazi. Ana a m'nyumba zija anali kutiyang'ana monga tabwela kupempha mchele.

Tinabwelela kwa ba malume kuti atikopele ina. Anakanda m'mutu. Mwini tepi anali atajambulapo kale ukwati wina, ndipo kompyuta ya ku ofesi anaifafaniza zonse. Inatsala ija yathu yokha.

Mphepo ya fumbi itayamba, abwana a ku Kabulonga anagula mashini yatsopano, yamene ati ilandila disiki iliyonse. Amai anapempha madamu, akazi a abwana, anavomela kuti tibwele pa Chiwelu masana. Tinavula nsapato pakhomo, tinaimilila kumbuyo kwa mipando. Madamu anaiyang'ana disiki kunsi, inali mbuu na mizele. Anati, "Mayo, mwaichita chani iyi?" Koma anaiika.

Inayamba. Zoona inayamba! Holo, mabaluni, ba malume ali oonda na suti yaikulu. Amai anagwila phewa langa mpaka kuwawa. Kenaka a chibale anayamba kuloŵa pamzele, akuvina. Chithunzi chinayamba kugwedezeka, nkhope kusweka tumabokosi tumabokosi. Ndiye chinaima. M'mphepete mwa tivi munali chabe dzanja la jekete ya bulauni, chigongono chili m'mwamba. Madamu anabweza, anayesanso, anayesanso. Nthawi zonse inali kuima pamenepo.

"Osazimya, madamu," amai anatelo.

Amai anayang'anitsitsa pa tivi paja. Ine maso anali pa mbale ya mabisiketi pa tebulo. Pothela anapukuta kumaso na chitenje nkunena kuti, "Zikomo madamu, nawaona." Anapita kukasita zovala.

M'minibasi pobwelela ninali nitakwiya. Miyezi yonse ija, kuyenda konse kuja, chifukwa cha chigongono? Mumtima ninati amai anama kuti madamu asamve chisoni. Sininali kudziŵa kuti munthu amene unavina naye kuyambila pa utsikana, ungamudziŵe na mmene amanyamulila mkono.