Ndinamusiya pa Mzere wa ku Kiliniki

Inu owerenga, ine ndinataya munthu. Sindikunena kuti anamwalira, chifukwa akanamwalira bwenzi titalira, n'kuika m'manda, mitima n'kukhala pansi. Ndikunena kuti ndinachoka naye pakhomo m'mawa, tinakwera tekisi imodzi, koma madzulo ndinabwerera ndekha. Ndalemba izi kuti zimene zinandigwera ine zisagwere wina, makamaka inu amene muli kuno ku Joni.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Ndimawotcherera mageti pa wekishopu ina ku Silverton, muno mu Pretoria, ndipo ndimakhala ku Mamelodi, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa kuno, wa mtundu wa Apedi. Munthu amene ndikunenayu tonse tinkamutcha Pita. Tinadziwana kutchalitchi komwe Amalawi timasonkhana Lamulungu. Anali wa ku Thyolo, wamtali, wofatsa, wocheperapo msinkhu kwa ine. Ankasamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina ku Brooklyn. Atasowa pokhala ndinamutenga, tinayamba kukhalira limodzi ngati pachibale. Anali munthu waukhondo mpaka kunyanya. Nsapato zanga zakuntchito ankazitulutsa panja, amvekere zikununkha chitsulo chopsa.

Zinthu zinayamba kusintha m'nyengo yozizira ya chaka chatha. Poyamba anasiya kugona. Kenako anamata makatoni pazenera, akuti makamera a pageti la abwana ake akumutsatira mpaka ku Mamelodi. Tsiku lina ndikuphika anandigwira mkono n'kundiuza kuti ndizimitse wailesi chifukwa ikutchula dzina lake. Wailesiyo inali yosayatsa n'komwe. Anayamba kukana chakudya chophika wina, n'kumangodya buledi wogula yekha. Kuntchito anazula maluwa onse a kutsogolo kwa nyumba, akuti pansi pake pali mawaya. Abwanawo sanamukalipire, anangomuuza kuti akapume kaye mpaka atapeza bwino.

Inu owerenga, apa ndi pomwe tinasochera. Nditawafotokozera anzathu, aliyense anali ndi yankho lake. Ena anati, "Eish, ameneyo wayamba nyaope," kutanthauza mankhwala ozunguza bongo amene awononga anyamata ambiri kuno. Ine ndinkadziwa kuti si zoona, munthu sankasuta ngakhale fodya, koma ndinangokhala chete. Ena anati amulodza achibale kumudzi chifukwa cha nsanje. Akuluakulu a mpingo anabwera kudzamupempherera ndipo anamuuza kuti asale kudya. Sindikunyoza pemphero, inenso ndine Mkhristu. Koma munthu amene anali atawonda kale, wosagona, tinamuwonjezera njala. Palibe mmodzi mwa ife amene anatchula mawu oti chipatala. Mumtima ine ndinkaganiza za chipatalacho, koma masiku a mupasipoti yanga anali atatha kalekale, ndipo ndinkaopa kuti ndikakafika pamalo aboma andigwira n'kundibweza kumudzi.

Amene anandidzudzula anali mayi eni nyumba aja. Anandiitana n'kundiuza m'Chizungu chosakaniza ndi chinenero chawo kuti m'bale wangayu akudwala, ndipo matendawo ali ndi mankhwala ngati matenda ena onse. Anati mchemwali wawo anadwalapo chimodzimodzi, pano akugwira ntchito bwinobwino. Anandilozera kiliniki yoti ndipite naye.

Kumunyengerera Pita kunali kovuta. Pamapeto pake anavomera, koma anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Achimwene, ndipita, koma musandisiye ndekha kumeneko." Ndinamulonjeza.

Linali Lachiwiri. Anavala ovolosi yake yobiriwira yakuntchito, foni anaisiya pabedi chifukwa ankati ndi yomwe anthu akumumverera. Kukiliniki tinapeza mzere wautali, wotulukira panja. Tinakhala pabenchi, iye atagwira malaya anga ngati mwana. Dzuwa litakwera, foni yanga inayamba kulira. Anali kapitawo wathu wa ku Silverton, chifukwa ndinali ndisanapemphe chilolezo. Pamalopo panali phokoso, ana akulira, ndiye ndinamuuza Pita kuti andidikire pomwepo ndikayankhe kuseri kwa mpanda. Anamasula malaya anga.

Sindinachedwe. Ndinangopepesa kwa kapitawo n'kufotokoza kuti ndili ndi wodwala. Pobwerera ndinapeza pabenchi paja pakhala mayi wina wobereka mwana. Ndinayang'ana kuchimbudzi, ndinalowa m'kati, ndinafunsa mlonda wa pageti. Mlondayo anati waona bambo wa ovolosi yobiriwira akutuluka, akuyenda mwachangu kulowera komwe kumaima matekisi. Ndinathamangira kumeneko. Ndinafunsa madalaivala, amayi ogulitsa zipatso, ometa tsitsi. Aliyense ankangopukusa mutu. Ndinabwerera kunyumba ndikudziuza kuti ndikamupeza atakhala pakhomo. Ndinapeza loko ali momwe tinamusiyira.

Kupolisi sindinapite tsiku lomwelo, kapena mawa lake. Mantha a mapepala aja anandigwiranso. Ndinkangoyendayenda ndekha ndikaweruka. Mayi eni nyumba ataona kuti sabata ikutha, anavala n'kundiuza kuti tiyeni, andiperekeza. Inu owerenga, wapolisi amene anatithandiza sanafunse n'komwe za pasipoti yanga. Anangondifunsa chifukwa chimene ndinachedwera, n'kundiuza kuti munthu wodwala akasowa sipafunika kudikira. Kenako anafunsa dzina lonse la wosowayo, tsiku lake lobadwa, ndi wachibale amene angamuimbire. Munthu ndinkadya naye mbale imodzi, koma chomwe ndinkadziwa ndi Pita wa ku Thyolo basi. Chithunzi chomwe ndinali nacho chinali cha gulu la kwaya, iye ataima kumbuyo, nkhope ikuoneka theka.

Lamulungu masana foni yake inalira pabedi paja. Inali yokhoma, koma kuyankha kunkatheka. Pagalasi panalembedwa kuti Amayi. Nditayankha ndinadzifotokoza kuti ndine mnzake wa Pita amene ndimakhala naye.

"Pita ndiye ndani?" anafunsa mayiwo. "Ine ndikufuna mwana wanga Fatsani."

Ndi tsiku limenelo pomwe ndinadziwa dzina lake lenileni. La Pita anangolitola kuno kuti abwana asamavutike kutchula. Ndinawauza zonse, osabisa ngakhale za pabenchi paja. Kumbali yawo kunkamveka nkhuku zikulira. Kenako anandifunsa ngati ankamwa mankhwala ake. Ndinati mankhwala ati, Amayi? Ndiye anandifotokozera kuti Fatsani anadwalapo matenda a maganizo ali kumudzi, anagonekedwa m'chipatala, n'kuchira. Madokotala anamuuza kuti asadzasiye mapilitsi. Pobwera ku Joni ananyamula okwanira miyezi ingapo, ndipo nthawi zonse akaimba foni ankawatsimikizira kuti akulandira ena kuno. Sankalandira. Ankachita manyazi kuti Amalawi anzake tidzamutcha wamisala. Ndikakumbukira mmene tinkasekera anthu odwala chonchi tikawaona pamsewu, iye ali pomwepo, ndimamvetsa chifukwa chake sanandiuze.

Kuchokera pamenepo tinamufunafuna ndi dzina loyenera. Mlongo wake anatumiza chithunzi chooneka bwino, ndipo tinachimwaza m'magulu onse a pafoni a Amalawi. Ndinayenda m'zipatala. Ndinalowa pansi pa milatho ya m'tauni, komwe kumagona anthu osowa pokhala, ndikuyang'ana nkhope imodziimodzi. Mayi wina wogwira ntchito ya m'nyumba ku Faerie Glen, wobadwira ku Zimbabwe koma makolo ake a ku Malawi, anandiimbira kuti pamaloboti ena a pamsewu amaonapo bambo wamtali akuimba yekha nyimbo ya Mulungu m'Chichewa. Ndinapitako Loweruka lililonse kwa nthawi yaitali, osamupeza. Ogulitsa zinthu pamalobotipo anati analipodi munthu wotero, koma anachoka, sakudziwa kuti analowera kuti. Kaya anali iye, kaya anali Mmalawi wina wotayikanso, sindidziwa.

Kamodzi apolisi anandiitana kuti ndikaone mtembo kumochale. Atavundukula nsalu ndinaona kuti si iye. Ndinatuluka ndikuthokoza Mulungu, koma nditafika panja ndinakhala pansi n'kulira, chifukwa ndinazindikira kuti mbali ina ya mtima wanga inkafuna kuti akhale iyeyo, nkhaniyi ithe. Munthu amene sanasowetsepo m'bale sangamvetse zimenezi.

Tsono inu owerenga, ndikupempheni zinthu zochepa. Mukaona mnzanu wasiya kugona, akumva mawu amene inu simukuwamva, akuopa zinthu zosaoneka, musataye nthawi kukangana kuti kaya ndi chamba kaya ndi ufiti. Pempherani, inde, koma muli pa ulendo wa kuchipatala. Popita musapite nokha ngati mmene ndinachitira ine. Tengani munthu wachiwiri, kuti wina akachoka wina atsale naye. Munthu akasowa, kanenani tsiku lomwelo. Ndipo amene mukukhala nayeyo, mufunseni dzina limene anamupatsa makolo ake, mudzi wake, ndi nambala ya m'bale wake. Inunso amene mumamwa mankhwala a matendawa, uzani ngakhale munthu mmodzi yekha amene mumamukhulupirira. Si chinthu chochititsa manyazi. Chochititsa manyazi ndi pakamwa pathu ife amene timaseka.

Chaka chino achibale ena ku Thyolo anaganiza zoti angochita mwambo wa maliro, kuti amayi ake a Fatsani apumule. Mayiwo anakana, anati salira mwana amene sanamuone atagona. Nthawi yomweyo ine ndinali nditapeza chipinda chabwino pafupi ndi kuntchito, choti ndizingoyenda wapansi. Nditawauza pafoni, anandiyankha mofatsa.

"Mwana wanga, sindingakukakamizeni. Koma ku Joni konseko Fatsani akudziwa khomo limodzi lokha. Tsiku limene mutu wake udzakhazikike, adzagogoda pamenepo."

Chipinda chija ndinachibweza. Ndidakali ku Mamelodi, ndipo ndikamapita kuntchito kiyi ndimasiya kwa mayi eni nyumba.