Chala cha Débora

Mlamu wanga Débora ndi munthu woti ukamufunsa mtengo wa mchere amakuyankha za boma. Mchimwene wanga Abílio anamutenga chitengwa kuchokera ku Mandimba n'kubwera naye kwathu kuno, kufupi ndi Massangulo, ndipo kuyambira pamenepo makutu athu sanapumepo. Makolo ake ndi ena mwa aja anathawira nkhondo ku Malawi n'kubwerera mtendere utadza. Bambo ake anabwerako ndi njinga ndi wailesi, nayamba geni ya nsomba zouma pamalire. Débora anakulira pambali pa wailesi imeneyo. Sukulu anapita nayo patali kuposa tonsefe, ndipo akapsa mtima ngakhale mbuzi amazithamangitsa m'Chipwitikizi.

Sindikumunyoza ayi. Zambiri zimene ankanena zinali zoona. Ankanena za msewu wathu umene umasanduka phala mvula ikagwa, za ogula fodya amene amatsitsa mtengo tsamba lili labwinobwino, ndi za kupositu, kachipatala kathu kaja, kumene umapita ndi malungo n'kubwerako ndi pepala lokha. Ife tinkangoti ndi mmene zilili. Iye ankati zili choncho chifukwa ife timangoti ndi mmene zilili.

Atakhala ndi pathupi anapita kukadikira kwa mayi ake ku Mandimba, poti anali mwana woyamba. Kalembera wa chisankho anamupeza ali komweko, ndiye analembetsa konko. Anabwerera kuno ali ndi kamnyamata, Gildo. Tinkaganiza kuti mwana amutseka pakamwa, koma ayi ndithu, anali atangopeza womvera wosathawa.

M'mawa uliwonse ankaika beseni padzuwa kuti madzi afunde, n'kumusambitsa Gildo uku akumufotokozera nkhani za dziko. "Kwezani mkono, bwana deputadu, phungu wathu, tione ngati m'khwapamu simunabisemo simenti ya mlatho wathu." Akamudzoza mafuta ankamuwongola timiyendo n'kumamuuza kuti adzayende yekha, asadzatengedwe pa lole kukaombera m'manja anthu osawadziwa. Mwana akageya atayamwa, iye ankatembenukira kwa ife n'kunena kuti, "Mwamva? Walankhula zomveka kuposa a m'wailesi aja." Matewera ankadula ku makapulana akale, zitenje zathu zija, ndipo ankawachapa ndi sabawu mpaka zala kuyera mbuu, n'kuwayanika pa chigafa cha fodya. Pa nkhani yosamala mwana palibe amene akanamuloza chala.

Misonkhano ya chisankho itayamba, mlamu wanga anasamutsira ofesi yake kumjigo. Za chipani sankakakamiza munthu, ngakhale tonse tinkadziwa kumene mtima wake unali. Chimene ankadana nacho ndi kukhala pakhomo tsiku la voti. "Chala chimodzi sichiswa nsabwe," ankatero akupopa madzi, Gildo akugwedera kumsana. "Tipite tonse. Ndipo mawa lake ndidzayendera zala zanu chimodzichimodzi. Wopanda tinta, inki ya voti ija, asadzandidandaulirenso kalikonse." Amayi a kumjigo ankaseka, koma ankamuopa.

Kutatsala pang'ono kuti tsikulo lifike, Gildo anayamba kukana bere. Ankaligwira, n'kulisiya, n'kulira. Abílio anali ku Cuamba kumene amanyamula matumba m'nyumba yosungira katundu, ndiye pakhomo tinali ine, amayi anga ndi mlamu wanga basi.

Tsiku la voti Débora analawirira kumsewu waukulu kukadikira shapa, minibasi ya ku Mandimba, mwana kumsana, khadi lake pachifuwa. Zimene zinachitika kumeneko anadzandiuza yekha pambuyo pake. Magalimoto anali osowa tsiku limenelo, dzuwa la mwezi wa khumi likuswa mtengo, mwana akulira mpaka mawu kusasa. Anamutsitsa n'kumuyang'ana m'kamwa. Lilime ndi masaya zinali zoyera ngati wamwa mkaka wogona, pansi pake pali tizilonda. Lole yopita ku Mandimba itaima pamaso pake, iye anaiyang'ana, anayang'ana mwana, n'kuisiya ipite. Anayenda pansi kupita kupositu.

Anamwino anamuthirira viyoleta m'kabotolo kakang'ono ngati chala chachikulu. Ndi mankhwala aja amtundu wa mkanjo umene apadiri amavala pa Kwarezima. Anamuuza kuti akulunge kansalu koyera kuchala, aviike, azipaka m'kamwa mwa mwana m'mawa ndi madzulo. Anamuuzanso kuti awasamale chifukwa otsala ndi ochepa. Anayamba kupaka pomwepo, pansi pa mtengo wa mango wa pabwalo. Gildo anayamwa pang'ono n'kugona. Nthawi yokafika ku Mandimba inali itatha, koma kubwerera kunyumba dzuwa lili pamutu kunamuchititsa manyazi, ndiye anakhala pamthunzipo mpaka madzulo.

Anachita zimene mayi aliyense akanachita. Akanangofika n'kunena, tikanamuseka tsiku limodzi n'kuiwala.

Koma atalowa pabwalo, amayi anga anamuyang'ana kudzanja n'kuomba m'manja. "Eee, mwavota ndithu amake Gildo! Ku Mandimba kuli bwanji?"

Mlamu wanga anayang'ana chala chake chakumanja cha mkomba phala. Mankhwala anali atadutsa pakansalu n'kuchidetsa ndendende ngati tinta ya voti.

"Kuli bwino," anatero. "Mzere unali wautali."

Za m'kamwa mwa mwana ananena kuti anagula mankhwala komweko, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankamupaka ndi dzanja lamanzere kuti tiziganizabe kuti mtundu wa kumanjawo ndi wa voti.

Mawa lake kumjigo amayi a m'mudzi anamulandira atakweza zala m'mwamba, akuseka. Iye akanatha kuseka nawo n'kutunga madzi ake. Koma munthu wobisa kanthu amalankhula mokweza. Anayenderadi zala, ndipo anakaima pa Lúcia, amake Samuele, mayi wofatsa amene amakhala kuseri kwa munda wathu wa nandolo. Chala chake chinali choyera.

"Nanga inu amake Samuele?"

"Samuele anadwala," anayankha motsitsa.

"Ana tonse tili nawo. Ine wangayu ndinapita naye kumsana mpaka ku Mandimba, akudwala chomwecho. Inu sukulu yovotera ili apa, mwalephera. Mukadzapeza kupositu kulibe mankhwala musadzalire, mwasankha nokha."

Lúcia anamuyang'ana kanthawi. Anasenza ndowa yake n'kumapita. Wina anamutcha kuti a Chala Choyera, ndipo pofika madzulo dzinalo linali litafika mpaka kwa ana osewera mpira.

Tsono tinta ya voti imakakamira. Amayi anga anakhala nayo mpaka chikhadabo chinakula n'kuidula. Viyoleta sapirira sabawu, makamaka padzanja la munthu wochapa matewera m'mawa ndi masana. Tsiku lina ndikupita kukatenga nkhuni kuseri kwa chigafa ndinamupeza mlamu wanga atanjuta, atathira mankhwala m'kachivindikiro, akuviika chala mpaka pachikhadabo.

"Alamu, mukutani?"

Anadzidzimuka, mankhwala ena n'kutayikira pansi. Ine ndinayang'ana kumbali ngati ndamupeza akusamba. Manyazi amene anandigwira sindingawafotokoze, ngati wabodzayo ndinali ine.

"Zala za anzanga zikangoyamba kufufuka ndisiya," anatero osandiyang'ana. "Chonde alamu, musawauze amayi."

"Ine sindiuza munthu. Koma kabotoloko n'kakang'ono, ndipo si kanu."

Chala chimamwa mankhwala kuposa kamwa la khanda. Anayamba kumupaka mwana kamodzi patsiku. Kenako ndinaona mtundu wa mankhwalawo ukupepuka, ndinadziwa kuti wathiramo madzi. Zoyera zija zinabwereranso, zochuluka kuposa poyamba. Gildo ankafunafuna bere ndi njala, akaligwira n'kukuwa. Mawere a mayi ake anatupa, bulauzi kumangonyowa. Chimene chinandiopsa ine ndi chigafa. Kale chinkadzaza matewera mbali zonse, tsopano pankalendewera awiri kapena atatu, chifukwa mwana wosayamwa sakodza. Ankamukamira mkaka m'supuni, wambiri n'kumatayikira m'khosi. Ma deputadu aja anatha, ankamusambitsa ali chete.

Anabwerera kupositu. Anamuuza kuti viyoleta anatha, ayese ku Mandimba kapena ku Lichinga. Imeneyi ndiyo inali nyimbo yake ya masiku onse, nkhani yoti akanailalikira mlungu wathunthu. Anabwera n'kukhala pakhonde, osatulutsa liwu ngakhale limodzi lonena boma.

Amayi anga, amene sankadziwa kanthu, anagwira mwana paliwombo n'kupukusa mutu. "Kudikira shapa ya mawa n'kuchedwa. Amake Samuele ali nalo botolo lalikulu, amuna awo anagula ku Cuamba mwana wawo wamkazi atatuluka zilonda. Pitani mukapemphe."

Débora anadikira amayi alowe m'nyumba, n'kundigwira kapulana. "Alamu, kandipemphereni."

Pamenepo mtima wanga unabwadamuka. "Ine? Kumjigo kuja munandituma kuti ndikulankhulireni? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nyamukani, ndikuperekezani, koma pakamwa pakhale panu pomwe paja."

Asananyamuke anakhula chala chija ndi phulusa ndi mchenga mpaka kufuna kutuluka magazi. Mtundu sunachoke wonse. Njira yonse ya m'munda wa nandolo anayenda dzanja atalibisa m'kapulana.

Tinamupeza Lúcia akusenda nandolo pamphasa, Samuele atakhala pambali pake, wowonda koma akudya. Anatiyalira mphasa ina n'kutilonjera bwinobwino, ngati palibe chimene chinachitika. Mlamu wanga anagwada. Mayi amene amatha kulankhula kuyambira kumjigo mpaka kunyumba osameza malovu, mawu anamuthawa.

"Amake Samuele, mwana... m'kamwa..."

Lúcia anamulandira Gildo, anamutsegula kukamwa, n'kuusa moyo. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi botolo ndi kansalu, anasamba m'manja, n'kukulunga kansaluko kuchala chake chakumanja. Anapaka pang'onopang'ono, lilime, masaya, nkhama, uku akumunyengerera mwana. Atamaliza ndi pamene analankhula, maso ali pa mwanayo.

"Kabotolo kaja anakupatsani anamwino tsiku la voti kakanakwana."

Mlamu wanga anadzutsa mutu n'kumuyang'ana.

"Ine ndinali m'kati, pajanela, pazenera paja. Samuele anali atamuika madzi a m'mitsempha, malungo atamukwera kumutu. Ndinakuonani pansi pa mango paja mpaka madzulo."

"Nanga bwanji... bwanji simunanene kumjigo kuja?"

"Ndinene chiyani? Ndinaona mayi atasiya ulendo wake chifukwa cha mwana. Mumtima ndinati, amake Gildo achita bwino. Sindinadziwe kuti inu mukuchita nazo manyazi."

Ine ndinalakalaka mphasa ija itandikulunga. Débora misozi inkangogwera pamaondo. Patapita nthawi anapukuta kumaso, anathokoza, n'kutambasula manja awiri kuti alandire botolo. Lúcia anayang'ana chala chofufuka chija, anatseka botolo lake, n'kulimanga pamfundo ya kapulana.

"Botolo ligona kuno. Muzibwera naye m'mawa ndi madzulo, ndizimupaka ndine."

Mawu amenewo anawawa kuposa mbama. Kuyambira tsiku limenelo mlamu wanga ankadutsa m'munda wa nandolo kawiri patsiku, n'kukakhala pamphasa manja ali pamiyendo, mayi wina akusamala m'kamwa mwa mwana wake. Pang'onopang'ono Gildo anayambanso kuyamwa. Chigafa chinadzazanso matewera, ndipo sindinamuonepo munthu wokondwa ndi mikodzo ngati mlamu wanga masiku amenewo.

Chala chake chinayera. Cha Lúcia ndiye chinada, poti viyoleta ankadutsa pakansalu m'mawa ndi madzulo.

M'mawa wina tonse tili pamzere kumjigo, Lúcia anagwira chitsulo kuti apope, ndipo Margarita, mnzathu wina amene sadutsitsa kanthu, anachiona chalacho. "Iii, taonani kuno! A Chala Choyera mwavota liti? Akutsegulirani nokha anzanu titamaliza?" Amayi onse anafa nacho chiseko. Lúcia anangopitiriza kupopa.

Débora anali kumbuyo kwanga. Ndinamva ndowa yake ikugunda pansi. Anadutsa pamzere, anakaima pafupi ndi mjigo pamalo ake akale olalikirapo, n'kukweza dzanja lamanja. 

"Chala choyera ndi ichi," anatero. "Ine ku Mandimba sindinafike. Sindinavote. Tinta imene munaona ija inali mankhwala a mwana wanga, ndipo ndinawamalizira pachala mwana akudwala. Mankhwala amene ali kuchala kwa amake Samuele ndiwo amuchiritsa Gildo."

Madzi ankasefukira mu ndowa ya Lúcia. Gildo anayamba kulira. Mlamu wanga anatembenuza ndowa yake, anakhalapo, anamutsitsa mwana n'kumupatsa bere, mutu uli pansi, anthu onse akumuyang'ana.

Za msewu ndi za fodya amalankhulabe, sanasiye, ngakhale zala za anthu sayenderanso. Dzina lija linachoka kwa Lúcia m'mawa womwewo. Lero ukaima pamjigo n'kuitana kuti a Chala Choyera, amene amatembenuka ndi mlamu wanga, ndipo amayankha kuti wawa.